Kalembedwe ka mbiri ya nduna ya dziko lakutali: chitsanzo cha a Alexander Novak a ku Russia

Mizere ya galimoto ikayamba kutalika m'malo omwetsera mafuta kuchokera ku Limbe mpaka ku Ginnery Corner, akonzi a nyuzipepala ndi a wailesi amakonda kutuma mtolankhani wachinyamata kuti alembe za anthu amene mawu awo amagwedeza mtengo wa mafuta padziko lonse. Dzina limene silisowa pa ntchito yotere ndi la a Alexander Novak, katswiri wa zachuma amene adakhala nduna ya zamphamvu (yoona za mafuta, gasi, malasha ndi magetsi) ya dziko la Russia kuchokera mu 2012 mpaka mu 2020. Ndawerengapo zolemba zingapo zotere zimene ophunzira utolankhani muno mu Blantyre amandibweretsera kuti ndiwaonere, ndipo zambiri mwa izo zimadwala nthenda imodzi: zimangondandalika maudindo ndi zaka ngati kalata yofunsira ntchito, kenaka kumapeto n'kunena kuti munthuyu ndiye wasowetsa petulo ku Ndirande. Malangizo awa ndi a wolemba amene akufuna kuti mbiri yake imveke ndi kukhulupirika kwa wowerenga wa kuno, ndipo moyo wa a Novak ndiutenga ngati nsalu yophunzirirapo kusoka.

Yambani ndi dzina, pakuti wolemba amene walakwitsa dzina m'ndime yoyamba sakhulupiridwanso m'ndime zotsatira. Anthu a ku Russia amakhala ndi maina atatu, lawolawo, lochokera kwa bambo awo, ndi la banja, choncho Alexander Valentinovich Novak akutanthauza Alexander mwana wa Valentin wa banja la Novak. Dzina lapakatilo mulitchule kamodzi kokha ngati mukufuna, koma musalisandutse dzina la banja. Popeza anthu a kumeneko ali ndi zilembo zawozawo, mupeza kuti ena amalemba Aleksandr pamene ena amalemba Alexander. Sankhani kalembedwe kamodzi ndipo musakasinthe. Mukamafufuza pa intaneti, musalembe Novak yekha, chifukwa amene adzadzaze tsamba lonse ndi Novak Djokovic, katswiri wa tenisi wa ku Serbia, amene alibe chibale chilichonse ndi nkhani yanu.

Mukatha apo, tengani pepala ndi kulemba zaka motsatizana, ndipo pambali pa udindo uliwonse mulembe yankho la funso ili: kodi pa nthawi imeneyo munthuyu ankasunga ndalama za yani? Funso limeneli ndilo fungulo la mbiri ya a Novak. Iwo adabadwa pa 23 Ogasiti 1971 ku Avdiivka, m'chigawo cha Donetsk ku Ukraine, pa nthawi imene Ukraine ndi Russia anali m'dziko limodzi la Soviet Union. Banja lawo lidasamukira ku Norilsk, mzinda wa migodi wa kumpoto kwa Russia, iwo ali mwana, ndipo mu 1993 adamaliza maphunziro a zachuma ndi kayendetsedwe ka mafakitale osungunula miyala ya mumgodi pa Norilsk Industrial Institute. Adagwira ntchito ku kampani yaikulu ya migodi ya mumzindawo, imene dziko limaidziwa ndi dzina la Norilsk Nickel, ndipo adakwera mpaka kumayang'anira nthambi za zachuma. Mu 2000 adakhala wachiwiri kwa mkulu wa mzinda wa Norilsk woona za chuma, mu 2002 adakhala wachiwiri kwa bwanamkubwa wa chigawo cha Krasnoyarsk woyang'anira thumba la chigawocho, ndipo mu 2008 adaitanidwa ku Moscow kukakhala wachiwiri kwa nduna ya zachuma ya dziko lonse, imene pa nthawiyo inali a Alexei Kudrin. Unduna wa zamphamvu adaulandira pa 21 Meyi 2012, m'boma limene nduna yaikulu yake inali a Dmitry Medvedev, kulowa m'malo mwa a Sergei Shmatko.

Tsopano yang'anani pepala lanulo. Thumba la kampani, thumba la mzinda, thumba la chigawo, thumba la dziko: palibe pamene munthuyu adakumbapo chitsime cha mafuta kapena kuyendetsa kampani ya mafuta. Ichi ndicho chinthu chimene mbiri yanu iyenera kunena, ndipo zina zonse zizungulire pamenepa. Dziko la Russia lidaika wowerengera ndalama pa unduna wa mafuta, ndipo zimenezi zimamveka mukadziwa kuti m'zaka zimene a Novak ankayamba unduna, pafupifupi theka la ndalama za bajeti ya boma la Russia linkachokera ku misonkho ya mafuta ndi gasi. Kwa munthu wotere, mtengo wa mafuta si nkhani ya mapaipi ndi makina ayi, koma ndi nkhani ya malipiro a asilikali, penshoni za okalamba ndi mphamvu ya ndalama yawo ya ruble. Wowerenga wa kuno savutika kumvetsa zimenezi, pakuti amadziwa mmene nduna yathu ya zachuma imatcherera khutu ku misika ya fodya ya ku Limbe ndi ku Kanengo. Fanizo la fodya mungaligwiritse ntchito kamodzi, ndipo lidzakuthandizani kuposa ndime zitatu zofotokozera.

Malo amene munthu adakulira musawadutse mothamanga, koma musawakometserenso ndi zongopeka. Norilsk ndi mzinda wa kumpoto kwenikweni kwa Siberia, kumene m'nyengo yozizira dzuwa limatha milungu yoposa isanu ndi umodzi osatuluka, ndipo kulibe msewu wolumikiza mzindawo ndi mizinda ikuluikulu ya Russia, moti anthu amafikako pa ndege kapena pa sitima ya pamadzi. Udamangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1930 ndi akaidi amene boma la Joseph Stalin linkawagwiritsa ntchito yakalavulagaga, ndipo moyo wonse wa mzindawo umadalira kampani imodzi yokumba nickel, mkuwa ndi palladium. Zimenezi n'zoona, ndipo mungazilembe. Chimene simuyenera kulemba n'chakuti kuzizira kwa ku Norilsk ndiko kudawaumitsa mtima a Novak pa zokambirana, chifukwa umenewo ndi ulosi wa wolemba, osati umboni. Chimene chili ndi phindu lenileni ndi chakuti a Alexander Khloponin, amene adatsogolerapo Norilsk Nickel, adasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa Krasnoyarsk mu 2002, chaka chomwecho chimene a Novak adasamukira ku boma la chigawocho. Mukaika zaka ziwirizi pafupi, wowerenga adzaona yekha kuti anthu a ku kampani ija adalowera limodzi m'boma, ndipo inu simudzafunika kunena mawu oposa umboni wanu.

Za Avdiivka pali chinthu chimodzi choyenera kusamala nacho. Tauni imeneyi idasanduka bwinja pa nkhondo ya Russia ndi Ukraine, ndipo asilikali a Russia adailanda mu Febuluwale 2024. Kuti nduna ya boma limene lidalanda tauniyo idabadwira momwemo ndi mfundo yolemera, ndipo ndi yokwanira kuilemba m'chiganizo chimodzi popanda kuyerekeza zimene zili mumtima mwa mwini wakeyo.

Ntchito yovuta kwambiri ndi kuyeza kukula kwa mphamvu za munthu amene mukumulembayo. Olemba ambiri akamva mawu oti nduna ya zamphamvu amaganiza kuti zitsime zonse za mafuta a ku Russia zinali m'manja mwa a Novak, pamene zinthu sizili choncho. Mafuta amakumbidwa ndi makampani, ndipo yaikulu mwa iwo, Rosneft, imatsogoleredwa ndi a Igor Sechin, munthu amene wakhala pafupi ndi Pulezidenti Vladimir Putin kuyambira kalekale ku St Petersburg. Gasi wambiri ali m'manja mwa Gazprom, imene a Alexei Miller akhala akuiyendetsa kuyambira mu 2001. Ndipo pali makampani ena monga Lukoil amene si a boma. Nduna imakhala pakati pa akuluakulu amenewa, unduna wa zachuma umene umafuna misonkho, ndi pulezidenti amene ndiye amagamula komaliza. Chifukwa cha ichi, sankhani aneni anu mosamala. Lembani kuti a Novak adakambirana, adalengeza, adasayina, adaimira dziko lawo, ndipo mawu oti adalamula muwasunge mpaka mutapeza umboni woti lamulolo lidachokeradi kwa iwo. Ndaonapo nkhani yabwino ikuonongeka chifukwa cha mneni mmodzi yekha amene adapatsa nduna ufumu umene ilibe.

Pa zaka zisanu ndi zitatu za unduna wawo padachitika zambiri, ndipo simungazilembe zonse. Zokambirana za gasi ndi dziko la Ukraine mu 2014, zimene zidathera pa mgwirizano wa ku Brussels kumapeto kwa Okutobala chaka chimenecho, mungazitchule mongodutsa, chimodzimodzinso paipi ya gasi yopita ku China yotchedwa Power of Siberia, imene idayamba kugwira ntchito mu Disembala 2019. Wowerenga wa ku Blantyre saphikira gasi wa ku Siberia. Chimene chimamukhudza ndi mafuta, choncho khalitsani pa zochitika ziwiri, cha mu 2016 ndi cha mu 2020.

Cha mu 2016 chifotokozeni kuyambira pa vuto limene lidachibala. Pakati pa chaka cha 2014 mgolo umodzi wa mafuta osayenga unkagulidwa pa madola oposa 100, koma pofika mu Januwale 2016 udatsika kufika pansi pa madola 30, makamaka chifukwa chakuti dziko la America lidachulukitsa mafuta ake pamene maiko a m'bungwe la OPEC, lomwe ndi la maiko ogulitsa mafuta kunja, motsogozedwa ndi Saudi Arabia, adakana kuchepetsa awo. Dziko la Russia si membala wa OPEC, ndipo kwa zaka zambiri mbali ziwirizi sizinkakhulupirirana. Msonkhano wa mbali ziwirizi wa ku Doha, m'dziko la Qatar, mu Epulo 2016 udatha popanda chogwirizana. Koma kumapeto kwa Novembala maiko a OPEC adagwirizana ku Vienna, m'dziko la Austria, zochepetsa migolo 1.2 miliyoni patsiku, ndipo pa 10 Disembala maiko ena amene si a m'bungweli adavomera kuchepetsa migolo 558,000 patsiku, mwa imeneyi 300,000 inali ya Russia. Apa ndi pamene padabadwira chimene lero chimatchedwa OPEC+, ndipo anthu awiri amene adanyamula zokambiranazo anali a Novak ndi nduna ya ku Saudi Arabia ya nthawiyo, a Khalid al-Falih.

Manambala amenewa musawasiye ali osatafuna. Mgolo umodzi pa malonda a mafuta ndi malita 159, choncho migolo 300,000 ndi malita oposa 47 miliyoni, omwe ndi mafuta okwanira kudzaza matankala oposa 1,000 a mtundu umene timauona ukukwera kuchokera ku Mwanza, ndipo amenewo ndi a tsiku limodzi lokha. Werengerani nokha pa foni, mubwereze kawiri, kenaka mulembe. Wowerenga amene waona tankala m'maganizo mwake sadzaiwala nkhaniyo, pamene amene mwangomuponyera mawu oti migolo adzadumpha ndime yonse.

Cha mu 2020 ndicho chimake cha mbiriyi, ndipo ngati malo ali ochepa ndi bwino kudula zina zonse kusiyana ndi kudula ichi. Mliri wa Covid-19 utayamba kuimitsa ndege ndi mafakitale, maiko a OPEC adapempha kuti onse achepetsenso migolo 1.5 miliyoni patsiku, koma pa 6 Malichi ku Vienna a Novak adakana m'malo mwa dziko lawo, ndipo adauza atolankhani kuti kuyambira pa 1 Epulo palibe dziko limene lidzakhale lomangidwa ndi mgwirizano wakale. Saudi Arabia, imene nduna yake ya zamphamvu tsopano inali Prince Abdulaziz bin Salman, idayankha potsitsa mitengo ndi kuchulukitsa mafuta pamsika, ndipo mtengo udagwa mochititsa mantha. Patangopita milungu isanu, pa 12 Epulo, maiko omwewo adabwereranso pagome ndi kugwirizana zochepetsa migolo 9.7 miliyoni patsiku, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mafuta onse amene dziko lapansi linkagwiritsa ntchito mliri usanafike. Ngakhale zidatero, pa 20 Epulo mtengo wa mafuta a ku America otchedwa WTI udatsika kupitirira ziro, kutanthauza kuti ogulitsa ena ankachita kulipira munthu woti awachotsere mafuta chifukwa mosungira mudadzaza. Amene adakana kuchepetsa pang'ono adamaliza ndi kuchepetsa kwambiri, ndipo olemba ambiri a nkhani za mafuta adaloza chala a Sechin, amene ankadziwika kuti sankakondwera ndi mgwirizano wa OPEC+. Inu mungalembe kuti ena adatero, koma munene kuti ndi maganizo a ena. Chimene mungalembe mosakayika n'chakuti a Novak sadachotsedwe ntchito chifukwa cha chisokonezocho. Mu Novembala chaka chomwecho adakwezedwa kukhala wachiwiri kwa nduna yaikulu, a Mikhail Mishustin.

Kukwezedwa kumeneku ndi msampha umene wagwira olemba ambiri. Wophunzira wina adandibweretsera nkhani mu 2023 imene kuyambira pamutu mpaka kumapeto inkawatchula a Novak kuti nduna ya zamphamvu, pamene udindowo adali atausiya zaka zitatu m'mbuyomo. Amene adawalowa m'malo mu 2020 ndi a Nikolai Shulginov, ndipo mu Meyi 2024 undunawo udapita kwa a Sergei Tsivilev. Chimene chimasokoneza n'chakuti a Novak adapitiriza kuimira Russia ku misonkhano ya OPEC+ ngakhale atasiya undunawo, choncho nkhope imene imaoneka pa kanema ndi yomweyo ngakhale mpando udasintha.

Nkhondo imene idayamba pa 24 Febuluwale 2022 simungaizembe, ndipo simuyeneranso kuilola kuti imeze mbiri yonse. Lembani zimene zikukhudza ntchito ya munthuyu: kuti mtengo wa mafuta udapitirira madola 120 pa mgolo mu Malichi chaka chimenecho, kuti kuyambira pa 5 Disembala 2022 maiko a European Union adaletsa mafuta osayenga a ku Russia obwera pa sitima za pamadzi, ndipo maiko asanu ndi awiri olemera otchedwa G7 adaika malire oti mafuta a ku Russia asagulidwe pa mtengo woposa madola 60 pa mgolo, kuti Russia idatembenuzira mafuta ake ambiri ku India ndi ku China, ndiponso kuti a Novak ndiwo adalengeza mu Febuluwale 2023 kuti dziko lawo lichepetsa migolo 500,000 patsiku. Onjezani kuti boma la America lidawaika pa mndandanda wa anthu olandira zilango za zachuma mu 2022. Mawu a boma la Russia muwapeza kudzera ku mabungwe monga TASS, amene ndi a boma lomwelo, pamene mabungwe monga Reuters amalemba kuchokera kunja. Werengani mbali zonse ndipo muuze wowerenga kumene mwatenga mfundo iliyonse. Mawu ogwidwa musawalembe kuchokera m'mutu. Zimene a Novak amayankhula m'chinenero chawo zimakufikani zitadutsa kale m'Chingerezi, ndipo mukaziikanso m'Chichewa zimakhala zadutsa m'milomo itatu, choncho ndi bwino kufotokoza tanthauzo lake m'mawu anu kusiyana ndi kuika zizindikiro zogwira mawu pa chiganizo chimene mwiniwake sangachizindikire.

Tsopano tifike pa ndime imene mkonzi wanu akuifunitsitsa, yolumikiza a Novak ndi pampu ya petulo ya ku Chichiri. Ulusi ulipodi, koma ndi wautali ndipo uli ndi mfundo zambiri, ndipo ntchito yanu ndi kuwonetsa mfundo iliyonse. OPEC+ ikachepetsa migolo, mtengo wa mafuta osayenga umakonda kukwera. Dziko la Malawi siligula mafuta osayenga chifukwa lilibe fakitale yoyengera, koma limagula petulo ndi dizilo woyenga kale, amene mtengo wake umatsatira wa mafuta osayengawo. Mafutawo amatsikira pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amafika kuno ataonjezeredwa mtengo wa mayendedwe. Oitanitsa, kuphatikizapo kampani ya boma ya NOCMA, amalipira m'madola, ndipo mtengo wa pampu umalengezedwa ndi bungwe la MERA, ndipo mu mtengowo muli misonkho yosiyanasiyana monga wa misewu ndi wofikitsa magetsi kumidzi. Mukaika zonsezi pamzere, mudzaona kuti a Novak ali kumayambiriro kwenikweni kwa ulusiwo, ndipo zimene zili pafupi ndi ife n'zolemera kuposa iwo. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kutsika kotereku kumakweza mtengo wa lita imodzi m'makwacha ngakhale ku Vienna kutakhala kuti sikudachitike msonkhano uliwonse.

Siyanitsaninso kukwera mtengo ndi kusowa kwa mafuta, pakuti ndi matenda awiri osiyana. Msonkhano wa OPEC+ ungakweze mtengo, koma pamene oyendetsa minibasi akugona pamzere ndipo anyamata a zigubu akugulitsa petulo m'mbali mwa msewu, mafuta amakhala alipo pamsika wa dziko lonse. Chimene chimakhala chasowa kawirikawiri ndi ndalama zakunja zogulira. Kulemba kuti nduna ya ku Moscow yaumitsa mapampu a ku Zingwangwa n'kunamiza wowerenga, ndiponso n'kupereka pobisala kwa anthu akuno amene ayenera kuyankha mafunso. Pa chifukwa chomwechi, musakokere m'mbiriyi nkhani ya feteleza wokwana matani 20,000 amene kampani ina ya ku Russia idapereka ku Malawi mu 2023. Ndi nkhani yoona, koma si ya a Novak, ndipo kungoti zonse zikuchokera ku dziko limodzi sikuzisandutsa nkhani imodzi.

Poyala nkhaniyo, musayambe ndi tsiku lobadwa. Yambani ndi pa 6 Malichi 2020 ku Vienna, pamene wowerengera ndalama wa ku Norilsk adakana pempho la Saudi Arabia, kenaka mubwerere m'mbuyo kukafotokoza kumene munthuyu adachokera ndi matumba amene adasunga, ndipo mutsirize ndi ulusi wofika kuno. Mawu oti zamphamvu muwamasulire koyambirira komweko kuti akutanthauza mafuta, gasi, malasha ndi magetsi, chifukwa pa Chichewa cha tsiku ndi tsiku munthu angaganize za asilikali. Mukatha kulemba, werengerani nkhaniyo mokweza munthu amene sadziwa kanthu za Russia, monga woyendetsa minibasi ya ku Bangwe kapena mayi wogulitsa mumsika wa Limbe, ndipo paliponse pamene wakufunsani kuti mukutanthauzanji, ikani chizindikiro ndi kulembanso chiganizocho. Musanaitumize kwa mkonzi, tsegulani tsamba la boma la Russia pa intaneti tsiku lomwelo, muone udindo umene a Novak ali nawo, ndipo m'nkhani yanu mulembe mwezi ndi chaka pambali pa udindowo.